Sukulu Zikatsekera, Laibulale Itsekule

Ndabwera ndi mfundo imodzi, ndipo ndiitchuliratu kuti amene sagwirizana nayo aziyesa mawu anga pamene ndikuyankhula. Dera la Nzama likufunika laibulale ya anthu onse, yoti mwana wa aliyense azilowamo n'kubwereka buku. Nyengo yoti laibulaleyo ikhale pakalikiliki kuposa nthawi ina iliyonse ndi ya tchuthi chachikulu, kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka sukulu zitatsekulira mu Sepitembala. Zimene tinazolowera m'sukulu zambiri n'zosemphana ndi zimenezi. Teremu yachitatu ikatha, mabuku amalongedwa m'makatoni n'kukiyiridwa mu ofesi ya ahedi, mwana n'kupita kwawo chimanjamanja. Timamubisira buku pa nthawi imene ali ndi mpata waukulu woliwerenga.

Nkhani yotere n'koyenera kuti ikambidwe pano. Pa 25 Julayi 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bambo Bourget, Bambo Prézeau ndi Bambo Winnen, anafika kuno kwa mfumu Njobvuyalema, ndipo Nzama inakhala mishoni yoyamba ya Katolika kukhazikika m'dziko muno, poti ija ya kwa Mponda ku Mangochi, imene ansembe a White Fathers anayamba mu 1889, inatsekedwa patangopita zaka ziwiri. Chaka chisanathe, mu 1902, pano panali patatsekulidwa kale sukulu, ndipo mu 1904 kunabwera masisiteri a Daughters of Wisdom. Amishoni anali ndi zolinga zawo, ndipo nthawiyo inali ya atsamunda, zimenezo sitibisa. Koma chimodzi anachiona bwino: kuphunzitsa munthu kuwerenga ndi ntchito ina, kumupatsa choti awerenge ndi ntchito inanso, ndipo yoyambayo imapita pachabe yachiwiriyo ikasowa. Chipani chomwecho chinadzakhazikitsa Montfort Press ku Limbe, kumene kunkatuluka magazini ya Moni ndi mabuku a alembi a Chimalawi, kenako Montfort Media ku Balaka, eni nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso. Zonsezo zinayambira pa anthu atatu amene anatula katundu wawo pamalo ano. N'zomvetsa chisoni ngati mwana wobadwira pompano angathe tchuthi chonse osagwira buku lina kupatula kope lake lakale.

Pa ntchito yoyamba ija dziko lathu layesetsa. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira, aphunzitsi anaperewera, ndipo mayeso a SACMEQ, amene amayerekeza maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaika Malawi kumunsi kwenikweni pa kawerengedwe ka ana a Sitandade 6 mu 2007. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme ya makalasi a Sitandade 1 mpaka 4. Aphunzitsi muli pano mukudziwa thukuta limene limagwa kuti mwana agwirizanitse liwu ndi lemba, malembo apange phatikizo, maphatikizo apange mawu. Nanga luso lovutikira choterelo limapita kuti mwana akakhala milungu 6 kapena 7 osaona tsamba lolembedwa? Yankho lilipo, ndipo ndi la kwathu konkuno. Mu 2017 Timothy Slade, Zikani Kaunda ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza mmene ana a makalasi oyambirira a m'Malawi ankawerengera chaka chikutha ndi mmene ankawerengera chaka china chikuyamba. Anapeza kuti luso linali litatsika ndithu. Inu amene mumalima kabichi ndi tomato m'madimba simufunika kuuzidwa zimene zimachitikira mbande yongowokedwa kumene ikakhala masiku osathiriridwa mu Ogasiti. Kuwerenga kwa mwana wa Sitandade 2 kuli pa msinkhu womwewo, sikunazike mizu. Mphunzitsi wa Sitandade 3 amayamba chaka n'kubwereza za chaka chatha, silabasi n'kutsalira, ndipo ife makolo timaloza chala aphunzitsi pa vuto limene linachitikira pakhomo pathu.

Kutsikaku sikugwera ana onse mofanana. Mwana wa mphunzitsi kapena wa namwino amapeza nyuzipepala patebulo, amamva mkulu wake akuwerenga, mwina amagulidwa kabuku ku boma. Mwana wa mayi amene sanapite kusukulu, malembo amene amaona ndi a pathumba la feteleza basi. Sukulu ikakhala yotsekula ana awiriwa amakhala pa mphasa imodzi, koma ikatseka aliyense amabwerera ku zimene kwawo kuli, ndipo chaka ndi chaka mpata pakati pawo umakula. Ku America, kumene tchuthi chotere chimagwa m'nyengo yawo yotentha, Barbara Heyns anafufuza ana a mumzinda wa Atlanta, ndipo mu 1978 anasonyeza kuti mwana amene wawerenga mabuku ambiri pa tchuthi ndi kumapita ku laibulale amabwerera kusukulu akudziwa mawu ambiri, kaya kwawo n'kopeza bwino kapena ayi. Malaibulale a kumeneko akhala akukonzera ana zochitika za pa tchuthi kwa zaka zoposa 100. Kwa ife palinso gulu lina loiwalika, la ana a Sitandade 8. Iwowa amalemba mayeso awo cha mu Meyi, kenako amangokhala mpaka zotsatira zitatuluka ndi Fomu 1 itayamba. Miyezi imeneyo ndi yoopsa, makamaka kwa atsikana. Tinaziona mu 2020 pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19 n'kudzayamba kutsekulidwa mu Sepitembala: boma lenilenilo linalengeza za atsikana masauzande ambiri amene anatenga pathupi kapena kulowa m'banja. Sindikunena kuti buku palokha lingaletse zimenezo. Ndikunena kuti mtsikana amene ali ndi malo oti apiteko masana, kumene akudziwika dzina ndipo akusowedwa akajomba, amakhalabe mwana wasukulu m'maso mwake ndi m'maso mwa mudzi.

Aliyense akamakamba za laibulale ya kumudzi amatchula William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo nanenso ndimutchula, koma pa chifukwa china. Mbiri yake mukuidziwa. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera fizi, iye n'kusiya sekondale. Anayamba kupita ku kalaibulale ka mashelefu owerengeka pa pulayimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Wina anganene kuti ameneyo ndi mmodzi mwa anthu miliyoni, ndipo sitingamange mfundo pa munthu mmodzi. N'zoona, Kamkwamba sabadwa mudzi uliwonse. Koma taonani zimene zinamuthandiza. Chitseko chinali chotsekula kwa mnyamata amene dzina lake silinalinso m'kaundula wa sukulu iliyonse. Analoledwa kutenga buku kupita nalo kunyumba. Ndipo munali mayi woyang'anira amene ankamuthandiza mawu a Chingerezi akamuvuta. Zitatu zimenezo si zozizwitsa, n'zoti mudzi uliwonse ungakonze. Laibulaleyo ikanakhala ya ana olembetsa okha, kapena ikanatsata kalendala ya sukulu, dziko silikanamva za mnyamatayo.

Mayi woyang'anira uja akutifikitsa pa mtima wa nkhaniyi. Chipinda chodzaza mabuku si laibulale ngati mulibe munthu woitana ana ndi kuchita nawo kanthu. Ana aang'ono amafuna wina awawerengere mokweza, awafunse zimene kalulu achite patsamba lotsatira, kenako iwo ayesere okha awiriawiri. Akuluakuluko angathe kugawana buku limodzi, kukambirana, kuchita mtsutso, kusandutsa nkhani kukhala sewero. Njirayi si yachilendo m'Malawi, poti bungwe la Save the Children linaiyesa ku Zomba kuyambira 2009, ana akumakumana kumudzi sukulu itaweruka, owatsogolera ali anthu a m'mudzi momwemo. Oti atsogolere kuno tili nawo. Achinyamata a Fomu 4 amamaliza mayeso a MSCE tchuthi chisanayambe n'kumadikira zotsatira opanda chochita. Alipo aphunzitsi opuma pantchito, amayi a m'magulu othandiza atsikana pasukulu, ndi ophunzira a m'makoleji obwera ku tchuthi. Mnyamata wa Fomu 4 amene wawerengera ana 20 kwa mwezi wathunthu naye amapindula: waphunzira kuima pagulu, ndipo ali ndi kanthu kolemba pa kalata yofunsira malo ku koleji ya zauphunzitsi. Masana ena akhale a akuluakulu, makamaka amayi ndi abambo amene anadutsa sukulu za kwacha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 mwa 100 alionse ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ambiri mwa akuluakulu aja anaphunzira movutikira, ndipo akapanda choti awerenge amabwerera kukadinda chala.

Tsopano ndifike pa chitsutso chimene ndimachilemekeza kwambiri, chifukwa chimachokera kwa makolo okonda ana awo. Iwo amati mayeso ndi a Chingerezi, ntchito ndi ya Chingerezi, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndiye kutayiranji nthawi ndi mabuku a Chichewa? Mabuku a Chingerezi akhalemo, ndipo ambiri. Koma mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo amaphunzira msanga m'chiyankhulo chimene amachimva kale. Akawerenga chiganizo cha Chichewa n'kuseka, wazindikira kuti malembo amanyamula tanthauzo. Akapatsidwa Chingerezi chokha asanafike pamenepo, amangotchula mawu osamva kanthu, ndipo amayamba kuliopa buku. Luso lotsata nkhani, loganizira zimene zichitike, lokhala phee ndi tsamba kwa theka la ola, limasamukira ku Chingerezi mosavuta. Komanso mabuku ambiri amene timalandira kuchokera kunja analembedwera ana a maiko ena, ndipo amakamba za moyo umene mwana wa kuno sanauonepo. Oterowo amathandiza wa sekondale, koma sangakope wa Sitandade 3. Ndipo tisamanamizane kuti m'Chichewa mulibe choti n'kuwerenga. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anapambana mpikisano wa alembi a ziyankhulo za mu Africa ndi buku lake la Nthondo mu 1933, ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Alipo mabuku a John Gwengwe monga Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, a E.W. Chafulumira, a E.J. Chadza, a Jolly Max Ntaba, a Willie Zingani, ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga, ndi timabuku ta ana ta Werengani timene bungwe la National Library Service linasindikiza. Vuto ndi loti ambiri a mabukuwa mwana amakumana nawo ngati a mayeso okha, ena sapezekanso m'sitolo. Amene ali nawo m'sutikesi kunyumba, malo ake ndi pashelefu ya mudzi.

Apa ndi pamene pakubwera ntchito ina ya laibulale imene timaiona ngati yaing'ono: kuuza anthu zimene zikuchitika m'dziko la zolembalemba. Ana athu ambiri amaganiza kuti mabuku amalembedwa ndi azungu kapena ndi anthu amene anamwalira kalekale. Sadziwa kuti pali bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi, kapena kuti alakatuli amene amawamva pa wailesi monga Robert Chiwamba anayamba ndi cholembera ndi kope ngati iwo. Bolodi limodzi pakhomo la laibulale, lolembedwa sabata iliyonse, lingathe kusintha zimenezo. Lizinena mabuku amene angofika, mpikisano umene watsekulidwa ndi tsiku lake lotsekera, nthawi ya pulogalamu ya ndakatulo pa wailesi, ndi mlembi amene watulutsa buku latsopano. Pambali pake pazikhala nyuzipepala za Chichewa, Mkwaso, Boma Lathu, Fuko, ndi masamba a Tamvani ndi Tikambe, ngakhale zitakhala za sabata yatha. Pabolodi lomwelo pazimatidwa ndakatulo ya mtsikana wa Sitandade 7 wa m'mudzi muno, dzina lake lili pansi. Tsiku limenelo mtsikanayo amadziwa kuti iyenso angalembe zoti anthu aimirire n'kuwerenga.

Ndipo zoti alembe n'zambiri, chifukwa mbiri ya dera lino yambiri ili m'mitu ya agogo. Tchuthi chachikulu chimagwa nyengo imodzi ndi Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, kumene timakumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene atsamunda anamupha mu 1896. Ndi ana angati amene amavina ngoma kumeneko angathe kufotokoza chifukwa chimene Inkosi Gomani II anachotsedwera pampando mu 1953, pamene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi malamulo a malimidwe? Chingoni chatsala m'nyimbo, m'mayina ndi m'ziwongo. Alipo akuluakulu amene akukumbukira mmene midzi ya m'malire muno inalandirira abale athu othawa nkhondo ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. National Library Service, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, inayamba kujambula nthano za m'maboma osiyanasiyana mu 2012 poona kuti odziwa nthano akutha. Ntchito yomweyo ana athu angaigwire ndi kope ndi pensulo. Atumidwe kwa agogo, alembe nthano, mbiri ya mudzi, mayina a mitsinje ndi mapiri, abwere nazo awerengere anzawo, zabwinozo zisokedwe pamodzi n'kuikidwa pashelefu. Potero gogo wosadziwa kulemba amalowa mu laibulale ngati mphunzitsi, ndipo palibe kholo limene linganene kuti malowa akuchotsa ana pa mwambo. Chimake cha zonsezi chingakhale pa 8 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira kulemba ndi kuwerenga.

Ena ati pa tchuthi ana amagwira ntchito: kuthirira kudimba, kuweta ng'ombe ndi mbuzi, kuumba njerwa, kuperekeza mbatata ndi kabichi ku Lizulu kapena ku Tsangano. Ntchito zimenezo n'zofunika, ndipo laibulale yolimbana nazo idzagonja. Isalimbane nazo. Maola awiri masana, masiku atatu pa sabata, osati tsiku la msika, n'zokwanira, ndipo mbusa angatenge buku kupita nalo kubusa. Enanso ati buku sadya, mwana wanjala sawerenga. Mawuwo ndi oona mu Januwale ndi Febuluwale. Koma Ogasiti ndi mwezi umene m'chaka chabwino m'nkhokwe mumakhala chakudya, kunja kulibe mvula, ana angakhale pansi pa mtengo, ndipo njinga yonyamula bokosi la mabuku ingafike mudzi uliwonse popanda kutitimira m'matope. M'chaka chonse mulibe nyengo ina yotiyenera chotere.

Za mafoni ndinene mwachidule. Kalembera wa 2018 uja anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse m'dziko lonse, ndipo kumudzi n'zochepa kuposa pamenepo. Mafoni achuluka kuchokera nthawiyo, koma foni ya pakhomo imakhala m'thumba la bambo, bandulo ndi yodula, ndipo mwana wosadziwa kuwerenga akaigwira amangoonera mavidiyo. Laibulale ikadzapeza sola ndi matabuleti tidzalandira ndi manja awiri. Oti apindule nazo ndi ana amene anazolowera kale kuwerenga.

Chitsutso chimene chimatseka zitseko zambiri ndi mantha oti mabuku abedwa, ang'ambika, ena apita kukakulungira fodya ndi mandasi. Ena adzatayikadi, tivomereze. Koma buku limene lang'ambika litadutsa m'manja mwa ana 50 lagwira ntchito yake, pamene limene ladyedwa ndi chiswe m'katoni likadali latsopano ndi ndalama yotayika yonse. Ahedi amakiya mabuku chifukwa akasowa amafunsidwa okha. Tiwachotsere katunduyo. Wobwereka alembedwe m'kaundula ndi dzina la kholo ndi la nyakwawa yake, ndipo mafumu aike lamulo la m'mudzi loti buku la laibulale ndi katundu wa onse ngati mjigo. Ndalama zolowera pasakhale, chifukwa ngakhale kandalama kochepa kamatsekereza mwana yemwe uja amene tikumufuna kwambiri. Nyumba yatsopano tisaidikire, poti pa tchuthi makalasi amakhala opanda anthu, ndipo kalasi imodzi ndi bokosi lachitsulo n'zokwanira poyambira. National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 n'kuyamba ntchito mu 1968, imapereka mabuku ku sukulu ndi kumalo owerengera a m'midzi, mothandizidwa ndi mabungwe monga Book Aid International, koma imafuna anthu amene akonzeka ndipo apempha. Pali thumba la chitukuko cha m'dera, ndipo kugula mabuku a Chichewa ndi mashelefu ndi chitukuko ngati mlatho. Chinanso, ngakhale malowa atakhala pa mishoni, akhale a onse. Boma la Ntcheu, la anthu pafupifupi 660,000 pa kalembera wa 2018, linaphunzitsidwa kuwerenga ndi mipingo yambiri, ku Mlanda, ku Gowa, ku Dombole ndi kuno ku Nzama. Mwana wa CCAP, wa Adventist, wa Chisilamu ndi wa kholo losapemphera alowe pakhomo limodzi osafunsidwa za mpingo.

Pempho langa ndi ili. Teremu yachitatu isanatseke, mafumu, a parishi, ahedi, makomiti a sukulu ndi alangizi a maphunziro a zoni ino akhale pansi tsiku limodzi. Asankhe kalasi imene idzakhale yotsekula, atchule mayina a anthu oyang'anira ndi achinyamata owerengera ana, agwirizane masiku ndi maola, alembe kalata yopita ku National Library Service ku Lilongwe, ndipo alengeze m'matchalitchi, m'miphakati, m'mizikiti ndi m'misonkhano ya m'midzi kuti aliyense amene ali ndi buku logona kunyumba abwere nalo. Inu makolo, mwana akapempha kupita kukawerenga masana, muloleni apite, ndipo madzulo mum'funse zimene wawerenga.